Kamlatho ka Vimbai

"Kabwerekeninso ina! Ulendo uno mupeze yokhala ndi abakha m'kati, kuti dera lonse la Glen Norah limalize kutiseka!"

Isaura ankalankhula ali chiimire pakhomo la khitchini, duku litapendekeka. Amuna ake, a Zebedee, anali atakhala pa chitini cha penti akusoka nsapato ndi waya, nkhope ili pansi.

"Tsitsani mawu, amake Vimbai. Makoma a kuno ndi opyapyala."

"Lero ndiye mwadziwa zoti makoma ndi opyapyala? Tsiku lija munkakankha chigoba cha galimoto ya mnzanu Adriano, inu ndi anzanu a bawo, thukuta lili kamukamu, msewu wonse uli m'mageti kuonerera, makomawo anali okhuthala?"

"Ndinauzidwa kuti chilolezo cha polowera amapatsa okhawo amene ali ndi galimoto."

"Anakuuzani ndani? Adriano! Munthu woti ku ofesi ya khonsolo sanapondeko chibadwire. Amati safunsa anadya phula, bambo a Vimbai, koma inu munakafunsa kwa wodya phula mnzanu."

Nkhani yonseyi inali ya kamlatho ka simenti. Kutsogolo kwa nyumba yawo, imene a Zebedee anasiyiridwa ndi malume awo, kunkadutsa ngalande yakuya mpaka m'chiuno. Chaka chimenecho, chaka cha kolera ndi ndalama za maziro osawerengeka, m'ngalandemo munkayenda zonyansa zochokera m'mapaipi ophulika. Kale ankawolokera pa matabwa, koma magetsi atasiya kuyaka, anthu anaba matabwawo n'kukasonkhera moto. Ndiye Isaura ndi mchimwene wake Ângelo, amene ankaumba njerwa ku Hopley, anathira simenti pangalandepo motambalala bwino. Simentiyo isanaume n'komwe kunabwera bambo wina wa khonsolo, n'kunena kuti ngalande ndi ya khonsolo, womanga pamwamba pake ayambe wapempha chilolezo.

A Zebedee anakapempha, n'kulembetsa kuti ali ndi galimoto. Tsiku lodzaona malo, woyendera uja anangoti, "Ilizeni timve." A Zebedee anati mafuta akusowa, zomwe zinali zoona m'dziko lonselo. Koma munthuyo anatsegula boneti. Injini munalibe. Munali nkhuku ya mkazi wa Adriano itakhalira mazira, ndipo inatuluka ikutetera n'kumuulukira kumaso. Abale inu, anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi! Tsopano yankho linali litabwera: pempho lakanidwa, kamlatho kaphwanyidwe, pokhapokha eni nyumba akachite apilo ku komiti mwezi usanathe.

"Apiloyo ndikachita," anatero a Zebedee. "Ndikanena kuti ndi polowetsera ngolo yanga yonyamulira katundu ku Mbare. Limenelo si bodza."

"Si bodza, koma si chifukwa chake. Ine ndinapereka makina anga osokera posinthanitsa ndi simenti kuti padutse ngolo? Mukanene zoona. Mukanene kuti m'nyumba muno muli mwana wosayenda, ali ndi chikuku, ndipo masisitere a kutchalitchi amusungira malo m'kalasi mwawo chaka chikayamba."

"Shhh!"

"Musandichite shhh ngati mukuingitsa nkhuku."

A Zebedee anaika nsapato ija pansi. Mawu awo anatsika mpaka kukhala ngati akudzilankhulira okha.

"Inu mumaiwala msanga. Mwaiwala za ku pulazi ya fodya kuja? Mwana atadwala, miyendo n'kufota, chaka chomwecho bwana n'kundikweza kukhala kapitawo, anthu anati chiyani? Anati Zebedee wakhwimira mwana wake. Amenewo anali anthu akwathu, olankhula Chichewa ngati ife. Nanga kuno, kumene amatitchula kale kuti Mabhurandaya, alendo a ku Malawi odziwa mankhwala? Anthu ali ndi njala, ali ndi mkwiyo, akungofuna womuloza chala. Akadzamuona adzati ndi mmene tinapezera nyumba."

"Ndiye akhale m'chipinda mpaka imvi?"

"Zinthu ziyambe zakhala bwino."

"Mawu amenewo munayamba kundiuza ndikumubereka kumbuyo. Lero wasinkhuka, sindingamunyamulenso. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Nanga mwana ndiye womuona mwendo?"

"Ine mwana wanga ndimamukonda."

"Ndikudziwa. Mumamukonda chitseko chili chotseka."

A Zebedee anavala nsapato ija waya akadali lendelende, n'kutulutsa ngolo yawo kupita ku msika waukulu wa Mbare Musika.

Tisawanamizire bambowa, sanali munthu wankhanza. Akamabwera kumsika sankalephera kumutengera mwana wawo kanthu, kaya bango lophwanyika mbali imodzi, kaya nyuzipepala yokulungira tomato kuti aziphunzirira kuwerenga. Ngakhale chikuku chija, masisitere atapereka Isaura atakawauza mwamseri, anachinyamula ndi iwowo, atachikwirira ndi masaka ndi makabichi pangolo. Koma mantha awo anali atasanduka nkhanza iwo osadziwa. Anthu onse a mumsewumo anauzidwa kuti Vimbai amakhala ku Malawi kwa azakhali ake. Pakhomo pakabwera mlendo, chipinda chakumbuyo chinkatsekedwa ndi loko, kiyi n'kulowa m'thumba mwa bambo.

Isaura analowa m'chipinda chija. Vimbai anali pachikuku, atayang'ana zenera limene linkangoonetsa khoma la njerwa la oyandikana nawo.

"Amayi, aphwanya?"

"Wamva eti?"

"Ine ndimamva zonse. Ntchito yanga ndi yomweyo." Anaseka pang'ono, n'kukankha matayala. Chikuku chinangosuntha pang'ono n'kugunda bedi. "Mwaona? Ndikangoti ndiyambe, ndafika kale. Ndimafuna ndidzaone kuti chimathamanga bwanji chimenechi."

"Udzaona."

"Musandilonjeze, amayi. Adadi nawonso amalonjeza."

Mawu amenewo anamubaya Isaura pamtima. Anatuluka msanga n'kukaimirira kuseri kwa nyumba, kumene analira mwakachetechete kuti mwanayo asamve, ngakhale ankadziwa kuti akumva.

Ku ofesi ya khonsolo anapita onse awiri sabata yotsatira, wapansi, poti makombi, maminibasi a kuno, anali kusowa. A Zebedee, monga mwini nyumba, ndi amene analankhula. Anafotokoza za ngolo, za matumba a mbatata, za msana wawo wopweteka. Kalaliki anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndinu bambo a nkhuku aja?"

"Ndine amene, bwana."

"Pali chifukwa china chimene simunanene? Komiti imamvetsera ngati pali vuto lenileni pakhomo."

Isaura anatsegula pakamwa. A Zebedee anamuponda phazi pansi pa tebulo, ndipo iye anatseka. Anali ataleredwa m'banja lochokera ku Tete, kumene mayi ake ankati mkazi satsutsa mwamuna wake pamaso pa anthu, amadikira afike kunyumba. Anadikiradi, ndipo kunyumbako anakangana mpaka mawu kusasa, koma sizinasinthe kanthu.

Mvula inayamba masiku omwewo. Tsiku lina m'mawa Isaura anapeza Mai Takunda, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, akukankha madzi akuda pabwalo pake ndi tsache, atavala mapepala a pulasitiki kumapazi. Madziwo ankafika pakamlatho, kulephera kudutsa bwino, n'kubwerera kwa iye.

"Mai Vimbai, mukuona zimene simenti yanu ikuchita?" anatero m'Chishona. "Kumsewu wa kuseriku aika anthu awiri m'manda sabata ino chifukwa cha kolera. Ine ndili ndi zidzukulu. Musadabwe, ku khonsolo ndinakanena ndi ine."

"Pepani, mayi. Tikonza."

"Mukonza! Galimoto mulibe. Kamlathoka ndi ka chiyani kwenikweni? Kapena pali zimene mumatulutsa ife tikugona?"

Isaura anakumbukira kuti zidzukulu za mayiyo sizinkaloledwa kugula ngakhale tomato pa tebulo limene Isaurayo ankagulitsirapo pageti. Anabwerera m'nyumba, mumtima akuti mwina amuna ake sankanama za anthu a kuno.

A komiti anafika Lachinayi lina dzuwa litakwera, wapansi, nsapato zili matope okhaokha. Ankawatsogolera mayi wina wamfupi wa imvi, atanyamula ambulera. Kumbuyo kwawo kunali amuna awiri ovala maovolosi, aliyense atasenza nyundo yaikulu paphewa. Isaura anangoyang'anitsitsa nyundozo.

"Musadabwe," anatero mayi wa imviyo. "Galimoto za khonsolo zilibe mafuta, sitingabwere kawiri. Apilo ikalephera, ntchito ithere pomwepo."

Anthu anayamba kutuluka m'mageti. Pamsewu umenewo nkhani ya nkhuku inali isanazizire, aliyense ankafuna kuona gawo lachiwiri. A Zebedee anali atavala jekete la kutchalitchi. Chipinda chakumbuyo anali atachitseka kale, kiyi ali m'thumba la jeketelo. Anatulutsa ngolo yawo, n'kuikankha kuwoloka kamlatho, kupita ndi kubwerera, kuti alendowo aone.

"Taona, bambo," anatero mayiyo. "Koma ngolo yopanda katundu anthu awiri angathe kuinyamula. Mumsewu uno muli ngolo zambiri, eni ake sanatseke ngalande. Ndani ali ndi dandaulo?"

Mai Takunda anabwera kutsogolo n'kufotokoza za madzi, akuloza pabwalo pake. Sananame ngakhale pang'ono. Mmodzi wa a komiti anagwada n'kusuzumira pansi pa simenti, n'kupukusa mutu. Anakambirana pang'ono motsitsa mawu.

"Bambo Zebedee, poyamba munatinamiza. Lero mwatipatsa chifukwa chopepuka. Nthawi ino ndi ya kolera, sitingasiye chinthu chotseka madzi chifukwa cha ngolo. Ngati mulibe china chonena, apilo yalephera."

A Zebedee anavula chipewa n'kuchipindapinda m'manja. "Chonde, mayi. Ndife anthu osauka."

"Tonse ndife osauka chaka chino, bambo."

Amuna a maovolosi aja anatsitsa nyundo pamapewa. Isaura anayandikira amuna ake, n'kugwada pansi pamatope pomwepo monga anaphunzitsidwira, n'kulankhula Chichewa motsitsa kuti ena asamve.

"Bambo a Vimbai, ndipatseni kiyi."

"Dzukani, mukundichititsa manyazi."

"Ndagwada pamaso pa anthu. Sindinakutsutsenipo pagulu chikwatirane. Ndikupempha komaliza, ndipatseni kiyi."

"Mukufuna atiwotchere nyumba?"

Dzanja lawo linagwira thumba la jekete n'kulifinya. Nyundo yoyamba inatera pakona ya simenti, phuu! Kachidutswa kanagwera m'madzi akuda aja.

Isaura anadzuka. Sanasase n'komwe matope a m'mawondo. Anapita kwa mwamuna wachiwiri uja, amene anali asanayambe kumenya.

"Achimwene, tandibwerekani nyundoyo."

Munthuyo, podabwa, anangoisiya. Anthu anabwerera m'mbuyo, wina n'kufuula kuti mayiyu wapenga. Koma Isaura sanayang'ane munthu. Anaikoka nyundoyo kulowa nayo m'nyumba, kudutsa pabalaza, mpaka pachitseko chakumbuyo.

"Vimbai, sunthira kuzenera!"

Anamenya loko kamodzi, n'kuphonya. Anamenyanso, ndipo chitsulo chonse chinazuka pamodzi ndi thabwa lake. Mwanayo anali atatong'ola maso.

"Amayi, adadi avomera?"

"Konza kolala ya diresiyo. Kunja kuli alendo."

Atatulukira pakhomo, dzuwa linamuthobwa Vimbai m'maso, ndipo anaphimba nkhope ndi mkono. Msewu wonse unatembenukira pakhomopo. Ngakhale wa nyundo uja anaima, nyundo ili m'mwamba. Isaura anakankha chikuku pang'onopang'ono kudutsa pabwalo mpaka pakati pa kamlatho, n'kuima pomwepo.

"Chifukwa chake ndi ichi," anatero m'Chishona chake chopotoka. "Dzina lake ndi Vimbai. Sanapiteko ku Malawi. Miyendo inafota ndi matenda ali wamng'ono. Simentiyi ndinathira ine kuti azipita kusukulu. Mukaphwanya, mubwerere naye nokha m'chipinda, ine sindingathenso."

Vimbai anachotsa mkono kumaso. Anayang'ana anthu onse aja mmodzimmodzi, kenaka anawomba m'manja mwaulemu monga amachitira ana a Chishona.

"Makadii mose," anapereka moni. Mai Takunda anangotchula Mulungu m'Chishona, n'kuti, "Mwari wangu!" Vimbai anatembenukira komweko, nkhope yake n'kuwala.

"Inu ndinu Mai Takunda! Ndakudziwani mawu. Mumaimba mukamachapa Loweruka. Chishona ndinaphunzira kwa inu, kudzera pakhoma. Koma ndinkayesa ndinu wamtali."

Wina anaseka, kenaka ena, kuseka kwa anthu amene mantha awachoka mwadzidzidzi. Mai Takunda sanaseke. Anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, n'kugwira kumutu.

"Baba Vimbai," anatero, misozi ikutsika, "mwatichimwitsa. Zaka zonsezi takhala tikumva mawu m'chipinda chokhoma. Tikaimba, china chake chimayankha kuseri kwa khoma. Tikafunsa, mukuti mwana ali ku Malawi. Ndiye tikanaganiza chiyani? Tinkati mumaweta chikwambo, kanthu kamatsenga kobweretsa chuma. Ine ndakhala ndikuwaza mchere m'mphepete mwa khoma langa, kuopa mwana! Mwana wokongola chonchi!"

Isaura anayang'ana amuna ake. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wawomba mutu pamtengo. Mbiri imene ankaithawa anali ataiweta okha ndi loko wawo yemwe.

Mayi wa imvi uja anapinda ambulera yake. "Bambo Zebedee, mwana uyu ndi wa ndani?"

A Zebedee anayang'ana anthu, anayang'ana pansi, kenaka anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Vimbai anawatsatira ndi maso mpaka chitseko chinatsekeka, ndipo kumwetulira kwake kunazima.

"Chabwino," anatero mayiyo patapita kanthawi. "Mukanatiuza poyamba, mukanatipulumutsa ulendo wamatopewu. Polowera pa munthu wa chikuku sitikaniza. Koma nawonso mayi awa akunena zoona, simentiyi yatsika kwambiri. Chilolezo mupatsidwa, pokhapokha mukaikweze, pansi pake paikidwe paipi yaikulu yoti madzi azidutsa. Tikupatsani mpaka Khirisimasi. Bwezani nyundo yathu, mayi, musanatiphwanyire zina."

Isaura anafuna kuthokoza, koma anangotsamira chikuku, n'kupuma mpweya wautali umene unkakhala ngati anausunga chichokere kupulazi. Mtima wake unapepuka mpaka kuchita chizungulire.

Ntchito yokweza kamlatho inagwiridwa ndi msewu wonse. Ângelo anabwera ndi njerwa kuchokera ku Hopley. Paipi inachokera kuseri kwa nyumba ya Adriano, kumene inali itakhala zaka ngati khola la akalulu, ndipo mwini wakeyo anaipereka akuti alipire mlandu wa malangizo ake. Mai Takunda ankatunga madzi osakanizira simenti, zidzukulu zake zikulimbirana kukankha chikuku pabwalo. Si onse anasintha, ayi. Panali mayi wina wa kumapeto kwa msewu amene ankawolokabe tsidya lina akamadutsa pakhomopo, ndipo Isaura anangomusiya.

A Zebedee ankagwira nawo ntchitoyo, kusenza mchenga kuposa aliyense, koma osalankhula. Kunyumba ankadya mwakachetechete. Chitseko chothyoka chija anachichotsa okha n'kuchiimika kuseri, osaikapo china. Tsiku lina Isaura anawapeza akudzoza mafuta matayala a chikuku, mwana ali m'tulo ta masana.

"Mwandikwiyira mpaka liti?" anafunsa.

"Sindinakwiyire inu."

"Nanga?"

"Anandifunsa pamaso pa mwana wanga, ine n'kuthawa. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, amake Vimbai. Ndimuyang'ana bwanji?"

"Ndi maso omwewo. Sanakufunseni zambiri."

Chaka chatsopano chitalowa, tsiku loyamba la kalasi ya masisitere linafika. Isaura anamuveka Vimbai diresi ya buluu imene anapatsidwa ndi Mai Takunda, n'kumuluka tsitsi. A Zebedee ankayenera kukhala atapita kale ku Mbare, poti malole a ndiwo amafika m'mamawa, koma anali akadali pabwalo, akumangamanga chingwe cha ngolo chimene chinali chomanga kale. Isaura atagwira zogwirira za chikuku, anamva dzanja lokhakhala likuchotsa lake.

"Inu simudziwa kukankha," anatero a Zebedee. "Mumugwetsera m'maenje."

Anawoloka kamlatho katsopano, madzi akudutsa pansi pake bwinobwino. Isaura ankatsatira m'mbuyo atanyamula chikwama cha mabuku. Pamene msewu unatsetsereka pang'ono, Vimbai anati, "Adadi, thamangani!" Bambo wamkulu uja anathamangadi, nsapato ya waya ikulira phwa phwa, mwana akukuwa ndi chisangalalo mpaka agalu a m'mageti kuuwa. Isaura anaseka yekha ngati wamisala.

Anawapeza ataima pamphambano ya msewu waukulu, pamene anthu ambirimbiri ankadikira makombi. Pomwepo panali Jeremiah, mnzawo wa a Zebedee wokankha ngolo ku Mbare, munthu wa pakamwa posatseka. Anafuula kuchokera tsidya lina, anthu onse akumva.

"Iwe Zebedee! Wasiya makabichi, wayamba kunyamula anthu? Ganyu ameneyu wamupeza kuti? Mwana wa ndani ameneyo?"

Mitu yonse inatembenuka. Isaura anaona msana wa amuna ake ukuuma, zala zikufinya zogwirira. Vimbai anaweramitsa mutu n'kuyamba kukanda ulusi wa diresi yake, ngati munthu wodziwa kale yankho.

A Zebedee anavula chipewa. Anazungulira n'kuima pambali pa chikuku, n'kuika dzanja paphewa la mwanayo.

"Ndi wanga!" anafuula. Kenaka anabwereza m'Chishona kuti pasapezeke wonena kuti sanamve. "Ndewangu! Mwana wanga woyamba, dzina lake Vimbai. Akupita kusukulu. Bwera udzamupatse moni bwinobwino, Jeremiah, ndipo uvule chipewa chakocho."

Vimbai anadzutsa mutu n'kuwayang'ana bambo ake.

"Adadi," anatero, "nenaninso."